Dzina la Zione: tanthauzo lake, magwero ake ndi kusowa kwake

Zione ndi dzina la mwana wamkazi limene limamveka m'madera olankhula Chichewa ndi Chinyanja, kuphatikizapo midzi ya kwa Kuntaja, ku Chileka ndi ku Lirangwe m'boma la Blantyre. Palibe munthu wa kuno amene angalidabwe akalimva, komabe masiku ano eni ake ambiri ndi amayi ndi agogo, osati makanda amene akupita nawo kusikelo. Mphunzitsi wa sitandade 1 akaitana Chisomo, Tadala kapena Mphatso, ana angapo amayankhira pamodzi. Zione akhoza kusowa m'kalasi monse.

Dzinali ndi chiganizo chathunthu. Tsinde lake ndi mneni woti kuona. Zi- wa kumayambiriro akuimira zinthu zimene sizinatchulidwe, ndipo -e wa kumapeto ndi wolamula kapena wopempha, monga m'mawu akuti zitenge ndi zisiye. Zinthu zoti azionezo sizitchulidwa chifukwa wakumva amazidziwa kale. Munthu akanena kuti wazionadi pamoyo wake, safunsidwa kuti waona chiyani. Aliyense amamva kuti akunena za maliro, njala, matenda kapena banja lovuta. Motero tanthauzo loyamba la Zione ndi mawu a makolo kwa khanda, akuti lafika padziko ndipo za pano lizione lokha. Tanthauzo lachiwiri sililoza mwana ayi, koma munthu wina wa pamudzi. Mayi amene anakhala zaka osaima, anthu n'kumamujeda pachitsime, akabereka amatha kutcha mwanayo Zione pouza wojedayo kuti aone zimene ankati sizingachitike. Abale a dzinali ndi Ndaziona, Mwandida, Mwatitha ndi Misozi, komanso Mavuto ndi Masautso amene kawirikawiri amapatsidwa kwa anyamata.

Ena amaganiza kuti dzinali linachokera ku phiri la Ziyoni la m'Baibulo. Ganizoli n'lomveka, makamaka ku Chileka kumene liwu la Ziyoni limamveka kawiri: m'mipingo ya Ziyoni, ndi pakati pa Arasta a kwa Singano, mudzi umene unatchuka ndi Evison Matafale ndi gulu la Black Missionaries. Koma kufananako n'kwa m'makutu chabe. Umboni wake ndi kalembedwe kena ka dzinali, Ziwone, kamene kamatsatira anthu amene amalemba kuwona m'malo mwa kuona.

Kuti dzina lotere limveke bwino, mpofunika kudziwa mmene mayina ankatchedwera. Mwana akabadwa, iye ndi mayi wake ankakhala m'chikuta mpaka mchombo utagwa, ndipo dzina linkabwera potuluka. Wotcha nthawi zambiri sanali mayi kapena bambo wa mwana, koma agogo, azakhali, amalume kapena munthu wina wolemekezeka amene banja lamupempha, ndipo ankapereka kamphatso potsimikiza dzinalo. M'midzi ya chikamwini ngati yambiri ya m'boma la Blantyre, mkamwini ndi apongozi ake sakanganirana poyera. Mawu amene sakanatha kunenedwa maso ndi maso ankaikidwa m'dzina la mwana, ndipo ankamveka pabwalo tsiku lililonse mwanayo akamaitanidwa kukadya nsima. Woyenera kumva ankamva, koma analibe poyambira mlandu, pakuti palibe amene wamutchula. Amayi anali ndi njira inanso yotere, nyimbo za pamtondo. Wolemba mbiri Megan Vaughan, m'buku lake la mu 1987 lofotokoza njala ya 1949 m'boma la Blantyre, anatsamira kwambiri nyimbo zimenezi kuti amve madandaulo a amayi amene amuna awo anawathawa njala itakula. Mayina ngati Ndaziona ndi Zione ndi a m'gulu lomwelo la mawu: mbiri ya banja yosungidwa ndi anthu amene sankalemba.

Mchitidwe umenewu si wa Amalawi okha. Ashona a ku Zimbabwe ali ndi mayina monga Muchaneta, kutanthauza kuti mudzatopa, limene limaloza adani a banja, ndi Tambudzai ndi Nhamo, mayina a mavuto amene Tsitsi Dangarembga anapatsa mtsikana ndi mlongo wake m'buku la Nervous Conditions la mu 1988. Ayoruba a ku Nigeria, mayi akamataya ana motsatizana, amakhulupirira kuti ndi mwana mmodzi yemweyo amene akungobwera n'kubwerera, ndipo amamutcha Malomo, kumupempha kuti asapitenso, kapena Kokumo, kunena kuti uyu safanso. Ku Mongolia makolo oferedwa ankatcha mwana Nergui, wopanda dzina, kapena Enebish, si ameneyu, kuti mizimu yoipa isokonezeke n'kumudutsa. Cholinga chimenechi chimafanana ndi cha Amalawi amene ankatcha mwana Maliro kapena Manda: kumupeputsa pakamwa kuti imfa isamusirire. Ngakhale ku Spain dzina la Dolores limatanthauza zisoni, ngakhale kuti zisonizo ndi za Mariya mayi wa Yesu, osati za banja lotchalo.

Pali mayiko ena kumene dzina lowawa la mtsikana limanena chinthu china, ndipo kusiyana kwake n'kofunika kukumvetsa. M'boma la Satara ku Maharashtra, m'dziko la India, atsikana ambiri ankatchedwa Nakusa kapena Nakushi, kutanthauza wosafunidwa, chifukwa makolo ankayembekezera mnyamata. Mu Okutobala 2011 akuluakulu a bomalo anachititsa mwambo umene atsikana oposa 200 analandira mayina atsopano. Ku China dzina la Zhaodi limapempha kuti wotsatira adzakhale mnyamata. Mayina amenewa amanyoza mwanayo chifukwa chokhala wamkazi. Zione sachita zimenezo. Kwa Kuntaja, monga m'madera ena otsata mbumba, mwana wamkazi ndiye amakulitsa mudzi, pakuti ana ake ndi munda wake zimatsala pa mtundu wa amayi. Kuwawa kumene kuli m'dzinali n'kwa dziko ndi anthu ake. Mwanayo ndi wolandiridwa. Amene amaika mayina onse a chisoni m'thumba limodzi amalakwira agogo amene anawatcha.

Njira ina yosiyana ndi zonsezi ndi ya Aakan a ku Ghana, kumene tsiku lobadwa ndilo limapereka dzina: mtsikana wobadwa Lachisanu ndi Afua, wa Loweruka ndi Ama, wa Lamlungu ndi Akosua. Kumeneko dzina lotere silingasowe, chifukwa sabata lililonse limabweretsa eni ake atsopano.

Ku England ndi ku America dzina limasankhidwa kwambiri chifukwa cha kukoma kwake m'makutu kapena pokumbukira wachibale. Tanthauzo limakhala lobisika m'zilankhulo zakale. Mary anachokera ku dzina la Chihebri la Miriam, limene akatswiri sagwirizana tanthauzo lake mpaka lero. Chimene mayikowa ali nacho ndi mawerengero. Boma la America lili ndi mndandanda wa mayina a ana obadwa kuyambira mu 1880, ndipo dzina limene lapatsidwa kwa ana osakwana 5 pachaka sililembedwamo, poteteza chinsinsi cha mabanjawo. Ku England ndi Wales malire ake ndi ana 3, ndipo dzina la Olivia linakhala patsogolo pa mayina a atsikana kwa zaka zingapo zotsatizana kuyambira mu 2016. Makolo ena kumeneko amawerenga mndandandawo ndi cholinga chopeza dzina limene anzawo alibe. Ku Iceland boma limalowererapo: komiti ya mayina imene inakhazikitsidwa mu 1991 imavomereza kapena kukana dzina latsopano, ndipo mu 2013 mtsikana wina anachita kupita kukhoti kuti aloledwe kutchedwa Blær, dzina limene komitiyo inkati n'lachimuna.

Ku Malawi kulibe mwambo wotulutsa mndandanda wotere chaka ndi chaka, choncho kutchuka kwa dzina kumadziwika ndi makutu, m'makaundula a sukulu ndi m'mabuku a ubatizo. Kusowa kwa dzina sikunalinso chinthu chofunidwa. Wotcha Zione sankafuna kuti mdzukulu wake asiyane ndi anzake; ankafuna kunena zimene zinali mumtima. Ndiponso dzina la mkazi linkabisika msanga. Akavinidwa ankalandira dzina lina, ndipo kumuitana ndi la paubwana kunali chipongwe. Akakula ankaitanidwa ndi mfunda, Nabanda, Naphiri kapena Nangozo, ndipo akabereka ankakhala make wa uje. Agogo ambiri a ku Lirangwe adzukulu awo amamva dzina lawo lenileni koyamba pamaliro, powerenga mbiri.

Zifukwa zimene zachepetsa dzinali zinabwera m'nthawi zosiyana. Choyamba ndi mishoni. Kuyambira pamene a Church of Scotland anakhazikitsa Blantyre Mission mu 1876, ubatizo ndi sukulu zinabweretsa mayina monga Estere, Rute ndi Mariya, ndi ena amene anthu anawaumba m'kamwa mwawo ngati Falesi ndi Enelesi. Dzina lachikuda linkatsala kunyumba, lachizungu n'kupita m'kaundula. Pamene mayina a Chichewa anabwereranso mwamphamvu dziko litalandira ufulu, amene anabwera anali othokoza: Chikondi, Madalitso, Thokozani, Yamikani, Takondwa.

Chifukwa chachikulu n'chakuti ana akufa ochepa. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa mu 1992 anapeza kuti mwa ana 1,000 alionse obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanakwane zaka 5. Wa mu 2015 ndi 2016 anapeza 63. Mayi amene waika ana atatu m'manda ali ndi mawu ena kusiyana ndi mayi amene ana ake onse akusewera pabwalo, ndipo palibe angalire chifukwa choti dzina la Mwatitha likutha mwanjira imeneyi. Pamwamba pa izi pali chiphunzitso chimene chafala m'mipingo ya Chipentekoste, chakuti dzina limatsata mwini wake, kotero kuti ena amasintha mayina awo atapemphereredwa. Chiphunzitsochi chikufanana ndi chikhulupiriro chakale pa mfundo yakuti dzina lili ndi mphamvu, koma chimatembenuza njira: kale dzina loipa linkatchinjiriza mwana, lero akuti limamukokera tsoka. Moyo wa eni dzina la Zione suchitira umboni mantha amenewa. Mmodzi mwa odziwika ndi woweruza wa Khoti Lalikulu Zione Ntaba, amene mu 2023 anagamula ku Zomba kuti ana a Chirasta asamakanizidwe m'sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo lopota.

Chomaliza ndi chiphaso. Lamulo la kalembera wa dziko linayamba kugwira ntchito mu 2015, ndipo mu 2017 bungwe la National Registration Bureau linalemba anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo. Mwana wobadwira kuchipatala lero amalembetsedwa akadali wakhanda, nthawi zina agogo asanafike kudzamuona, ndipo dzina limene lalowa m'kaundula ndi lomwe lidzaoneke pa satifiketi ya mayeso, pa pasipoti ndi kubanki. Dzina la kuchinamwali ndi mfunda sizilowa pa mapepala amenewa. Kale mtsikana ankasenza dzina la mkangano wa akuluakulu kwa zaka zochepa chabe n'kulitula kutsimba, koma tsopano dzina la paubwana ndi la moyo wonse, ndipo kulisintha kumafuna kulumbira pamaso pa a zamalamulo ndi kulipira ndalama. N'chifukwa chake makolo achinyamata a ku Chileka ndi ku Lirangwe amasankha okha dzina lolembetsa mwana asanabadwe, ndipo limene agogo atcha potuluka m'chikuta limakhala lachiwiri kapena longoitanira pakhomo.