Za Nsomba ya m'Mwala ya ku Karonga

Abale, ndi inu aphunzitsi a m'midzi, mverani mbiri ya nsomba imene simudzaipeza pa msika wa ku Lilongwe, mungakhale mufunse onse ogulitsa cambo ndi usipa. Pakuti mtundu wace unatha kale lomwe, ndipo cotsala cace ndico mamba ogona m'kati mwa mwala.

Caka ca 1883 kunafika m'dziko lino munthu wa ku Scotland, dzina lace Henry Drummond. Iyeyu anali mlaliki womveka, ndiponso mphunzitsi wa zolengedwa pa sukulu ya abusa ku Glasgow, ndipo anadza kudzaona miyala ndi zamoyo za dziko limene a African Lakes Company analikucitamo malonda. Anadzera ku Blantyre, nayenda pa nyanja kufikira ku Karonga, natsata njira ya kumtunda yolinga ku Tanganyika. M'njiramo, kumadzulo kwa Karonga, anaona miyala yosanjikizana ngati masamba a buku, yosiyana ndi matanthwe amene anawaona paulendo wonse. Poiswa anapezamo mamba a nsomba, ndi zidutswa za matupi ao, ndi zigoba za nkhono za m'madzi.

Pobwerera kwao anapereka zidutswazo kwa Ramsay Traquair wa ku Edinburgh, katswiri wa nsomba zakale. Mau a Traquair anasindikizidwa m'buku la Drummond lochedwa Tropical Africa, caka ca 1888, ndipo nsomba imodzi anaicha Acrolepis drummondi, kucitira ulemu woipezayo. Koma pakati pa maina awiriwo anaikapo cizindikiro ca funso. Anaona kuti mambawo afanana ndi a Acrolepis, nsomba yodziwika m'miyala ya ku Ulaya, koma popeza analibe nsomba yathunthu m'manja mwace, sanafuna kulumbira pa cinthu cimene anaciona mbali imodzi yokha. Ine ndiyesa kuti kacizindikiro kameneka kalemekeza Traquair koposa dzina lomwelo.

Tsono inali yotani nsombayi? Tengani cambo, mupale mamba ace. Mudzaona kuti ali opyapyala, obulungira, opindika ndi cala. Nsomba za banja lija sizinali cotero. Mamba ao anali ocindikala, a ngondya zinai, okutidwa ndi cinthu conyezimira colimba ngati cokuta mano athu. Ndipo analumikizana mizere mizere monga njerwa za mmisiri wodziwa nchito, kotero kuti nsomba inayenda ngati yobvala malaya acitsulo. Mcira wacenso unali wosalingana, pakuti msana unapitirira kulowa m'nthambi ya pamwamba, ndipo nthambiyo inatalika koposa ya pansi. Zinali nsomba za mafupa monga mlamba ndi mpasa, koma za mbadwo wakale ndithu. Lero m'nyanja yathu mulibe nsomba yobvala mamba otere. Ofuna kuona cifaniziro cace camoyo acipeza m'nsomba yochedwa Polypterus, yokhala ku Tanganyika ndi m'mitsinje ya Congo ndi Nile.

Mwana wa sukulu adzafunsa kuti, Nsomba inalowa bwanji m'mwala? Muyankhe kuti sinalowe, koma mwala ndiwo unaumbika poizinga. Nsomba ikafa m'thamanda, kawirikawiri iola, kapena zinzace ziidya. Koma ikakwiririka msanga ndi matope a cigumula, mnofu wokha uola, ndipo mamba ndi mafupa atsala. Caka ndi caka madzi aonjeza matope ena ndi mcenga pamwamba. Kulemera kwace kufinya zapansizo kufikira zisanduka mwala. Pambuyo pace dziko ling'ambika, mitsinje ikumba, ndipo cimene cinabisika cionekera kwa wopita m'njira.

Miyala imeneyi akatswiri aicha ya Karoo, potsata dziko louma la ku South Africa kumene icuruka, ndipo malasha okumbidwa ku Rumphi ali a m'gulu lomwelo. Zaka zace zipitirira mamiliyoni 200. Ciwerengero cotere sacitola m'mutu. Ayang'ana kusanjikizana kwa miyala, popeza wapansi ndiwo woyamba kugona. Ayesanso phulusa la mapiri a moto lopezeka pakati pa misanjiko, m'mene muli uranium wosanduka mtobvu pang'ono pang'ono pa muyeso wodziwika. Masiku amenewo Afrika anali wolumikizana ndi South America, India, Australia ndi Antarctica, dziko limodzi lalikuru. Nyanja ya Malawi kunalibe. Nyanja yathuyi, imene tiiyesa nkhalamba, ndiyo khanda poilinganiza ndi nsombayi, pakuti zaka zace ziri mamiliyoni owerengeka okha. Cotero wonena kuti nsomba ya Drummond inacokera m'nyanjamo nikauma pamtunda alakwa. Madzi amene inasambiramo anaphwa nyanja isanabadwe.

Dziko la Karonga linaturutsanso zina pambuyo pace. Mafupa a cinyama cacikuru amene Frank Dixey anasonkhanitsa analembedwa caka ca 1928, ndipo caka ca 1993 cinapatsidwa dzina lakuti Malawisaurus. Cifaniziro ca mafupa ace ciimirira m'nyumba ya zakale ya ku Karonga, yotsegulidwa caka ca 2004. Anthu athamangira cinyamaco cifukwa ca msinkhu wace, koma kansomba kaja kanacitsogolera ndi zaka mamiliyoni ambiri.

Nanga ife a ku Lilongwe, tikakumba pa mtsinje pafupi ndi mlatho, kapena m'maziko a nyumba za ku City Centre, tidzapeza mamba otere kodi? Iai. Thanthwe la pansi pa mzinda uno ndi lakale koposa la Karoo, ndipo linapsa ndi kufinyika m'kati mwa dziko, kotero kuti cizindikiro ca camoyo sicikadatsalamo. Mphunzitsi asabvutitse ana kuswa miyala ya ku Bunda kapena ya ku Nkhoma kufunafuna nsomba. Koma amene atumidwa nchito ku Karonga kapena ku Rumphi, akaona mwala wosanjikizana wokhala ndi timamba tonyezimira, asauphwanye, asaugulitse kwa mlendo. Alembe malo ace enieni, pa mtsinje uti ndi pa msanjiko uti, nadziwitse a boma osunga zakale; pakuti akatswiri sakhoza kuwerenga zaka za mwala umene malo ace aiwalika.