MMENE BOMA LIFUFUZIRA ENI MAGALIMOTO OSWA MALAMULO A PAMSEU

Galimoto ikachita ngozi pamseu anthu amafulumira kuloza dalaivala chala. Ena amati anali kuthamanga, ena amati anali ataledzera. Nthawi zina zimenezi zimakhala zoona. Koma pali ngozi zina zimene zimayamba kale, galimoto isanaturuke pabwalo la mwini wake, ndipo kuti choonadi chidziwike pafunika anthu odziwa kufufuza. Mlandu wina wa ku Mangalande usonyeza bwino mmene nchito imeneyi iyendera.

Ngozi ya ku Bath

Pa 9 Febuluwale 2015 lole yaikuru yolemera matani 32, itasenza miyala ya zomangira, inali kutsika chitunda cha mseu wotchedwa Lansdown Lane mumzinda wa Bath. Mabuleki anakana kugwira. Loleyo inagunda anthu oyenda pansi, nipha kamtsikana ka zaka 4 ndi kubvulaza kwambiri agogo ake aakazi. Kenaka inagunda galimoto yaing'ono, ndipo amuna atatu amene anali m'menemo anafa. Dalaivala wa loleyo anali mnyamata wa zaka 19, amene anali atangoyamba kumene nchito pa kampaniyo.

Apolisi sanakhutire ndi kungofunsa mnyamatayo. Anagwira nchito pamodzi ndi akatswiri oyesa magalimoto, kuti apeze chimene chinachititsa ngoziyo ndiponso munthu amene anayenera kuiletsa.

Choyamba, kuyesa galimoto

Nchito yoyamba ya wofufuza ndiyo kusunga galimoto monga iri, munthu wina aliyense asaikhudze. Pambuyo pake akatswiri amamasula gudumu lirilonse, nayesa buleki iriyonse payokha. Chitsulo sichinama. Chikadyeka pang'onopang'ono kwa miyezi yambiri chimaoneka mosiyana ndi chimene chathyoka tsiku la ngozi lomwelo.

Lamulo la ku Mangalande lifuna kuti mphamvu ya mabuleki a lole ifike pa 50 mwa 100 poyerekeza ndi kulemera kwake. Mabuleki a lole ya ku Bath anangofika pa 28. Chimene chimachitika pa chitunda ndi ichi: mabuleki ena akafa, otsalawo amasenza nchito yonse, natentha kwambiri, ndipo buleki yotentha imaleka kugwira ngakhale dalaivala aponde ndi mphamvu zake zonse.

Chachiwiri, kuwerenga makalata

M'dziko limenelo munthu saloledwa kuchita malonda onyamula katundu ndi malole popanda chilolezo chochokera kwa mkuru wa Boma wotchedwa Traffic Commissioner. Polandira chilolezocho mwini malole amalonjeza zinthu zingapo. Ayenera kukhala ndi kapitao wophunzira woyang'anira kayendedwe ka magalimoto. Galimoto iriyonse iyenera kuyesedwa ndi makaniko pa nthawi zoikika, ndipo makalata a kuyesako asungidwe miyezi 15. Dalaivala nayenso ayenera kuzungulira galimoto yake tsiku lirilonse asananyamuke, ndi kulemba chirichonse chimene waona kuti chaonongeka.

Ndiponso m'lole iriyonse yaikuru muli kachipangizo kotchedwa tachograph, kamene kamalemba liwiro la galimoto ndi maola amene dalaivala wayendetsa. Lamulo liti dalaivala apume mphindi 45 akayendetsa maola anai ndi theka, ndipo asapitirire maola 9 pa tsiku, kupatula kawiri pa sabata pamene aloledwa maola 10.

Wofufuza amasonkhanitsa makalata onsewa ndi kuwalinganiza. Ngati kalata ya makaniko iti mabuleki anali bwino, koma chitsulo chisonyeza kuti anadyeka kalekale, ndiye kuti kalatayo iri yabodza kapena makaniko sanayang'ane konse. Ngati kalata iti galimoto inali m'galaja tsiku lakuti, koma tachograph isonyeza kuti inali pa ulendo, bodza lagwidwa pomwepo. Nchito imeneyi imatenga miyezi, pakuti tsiku lirilonse ndi dzina lirilonse ziyenera kutsimikizidwa.

Chachitatu, kufunsa anthu

Madalaivala ena a pa kampani, makaniko, ndi anthu amene anaona ngozi amafunsidwa mmodzi mmodzi, aliyense payekha, ndipo mau ao amalembedwa. Munthu amene akuganiziridwa mlandu amayamba wachenjezedwa kuti zimene anene zikhoza kuwerengedwa m'khoti. Wotsogolera kufufuza ndiye aona kuti zonsezi zachitika mwa lamulo, chifukwa umboni wotengedwa molakwika ukhoza kukanidwa ndi woweruza, ndipo munthu wolakwa akhoza kumasulidwa. Ayeneranso kusunga umboni umene ungathandize woimbidwa mlandu, pakuti nchito yake si kungofuna womanga ai, koma kupeza choonadi.

Chiweruzo

Pa mlandu wa ku Bath kunapezeka kuti kampaniyo, dzina lake Grittenham Haulage, inalibe kapitao woyang'anira magalimoto monga lifunira lamulo, ndi kuti makaniko sanali kuyesa mabuleki moyenera. Mu Disembala 2016 khoti la ku Bristol linapeza mwini kampani ndi makaniko wake olakwa pa mlandu wopha anthu anai chifukwa cha kusasamala kwakukuru. Mu Januwale 2017 mwini kampani analamulidwa kukhala m'ndende zaka 7 ndi theka, ndipo makaniko zaka 5 ndi miyezi 3. Dalaivala uja anapezeka wosalakwa. Akuru akale anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Kukadapanda kufufuza kotere, mlandu wonse ukadagwera mnyamatayo, ndipo olakwa eni eni akadapitiriza malonda ao ndi malole ena ofanana ndi ija.

Phunziro kwa anthu a kumudzi

Ku Malawi nakonso kuli malamulo otere. Lamulo la magalimoto la chaka cha 1997 lifuna kuti galimoto yonyamula anthu kapena katundu iyesedwe ndi kulandira chikalata chotsimikiza kuti iri bwino, chimene ambiri amachitcha COF. Nthambi ya Boma ya Road Traffic ndiyo ipereka chikalatachi, ndipo m'malo ena muli masikelo oyezera kulemera kwa malole. Galimoto yodzaza mopitirira muyeso imabvuta kuima ngakhale mabuleki ake ali abwino, ndiponso imaononga mseu umene unamangidwa ndi ndarama za msonkho.

Koma chikalata pachokha sichiimitsa galimoto pa chitunda. Munthu wogula chikalata mwa chiphuphu, galimoto yake isanayesedwe, aika pa ngozi anthu onse oikwera ndi ana oyenda m'mbali mwa mseu.

Anthu a kumudzi akhoza kuthandiza kwambiri. Wokwera matola kapena minibasi akaona matayala akutha, kapena akaona dalaivala akupopa buleki kangapo isanagwire, achita bwino kutsika, ngakhale achedwe pa ulendo, ndi kukanena kwa apolisi. Munthu amene waona ngozi asathawe umboni, koma akumbukire nambala ya galimoto, nthawi yake, ndi zimene anaona ndi maso ake. Anthu asatole zitsulo kapena katundu pamalo a ngozi, chifukwa kachitsulo kamodzi kakhoza kumasula munthu wosalakwa. Aphunzitsi apemphedwa kufotokozera ana a sukulu zimenezi, ndi kuwaphunzitsa kuyenda mbali ya kumanja kwa mseu, kumene aona galimoto ikudza patsogolo pao.