Mkaidi Akatuluka, Adzaipeza Kuti Nchito?

M'caka ca 2016 boma linasintha dzina la Zambia Prisons Service kukhala Zambia Correctional Service, posonyeza kuti ndende ndi malo owongolera munthu. Ku Mukobeko ndi ku Mwembeshi akaidi amaphunzira ulimi, ukalipentala ndi kumanga nyumba. Ena amalemba mayeso a TEVETA. Mipingo ndi a Prison Fellowship Zambia amawalalikira ndi kuwalangiza.

Koma cobvuta cili panja. Ku Kafue, kumene kuli mafakitale a feteleza ndi zitsulo, ofuna nchito ndi oculuka. Wocokera kundende akakanidwa ponseponse, njala imam'bwezera ku umbava. Tsono inu abale, mafumu ndi akulu a mpingo, mlandireni. Mpatseni munda, kapena citseko coti apale.