Nsomba zitiphunzitsa za kakulidwe ka ana

Amai a ku Kanyama, Chawama ndi George, kodi mudziwa kuti nsomba zathandiza akatswili kumvetsa mmene minofu imapangidwila? M'dzila la kansomba kochedwa zebrafish, kamwana kayamba kugwedezeka tsiku limodzi lisanathe, cifukwa mapuloteni onyamula uthenga, monga FGF, auza maselo kusanduka minofu.

Mwa ana athu, ciwindi cipanga wonyamula uthenga wina, IGF-1, wokulitsa minofu ndi mafupa. Zakudya zomanga thupi zikasowa, IGF-1 acepa ndipo mwana apinimbila. Kafukufuku wa 2018 anapeza kuti m'Zambia ana 35 mwa 100 osafika zaka 5 anali opinimbila.

Conco mwana akakwanitsa miyezi 6, sinjani kapenta muike m'phala, pitilizani kuyamwitsa, ndipo musaphonye sikelo.