Nkhumba ikatsika mtengo, funsani kumene yachokera

Nyama ya nkhumba ikangotsika mtengo mwadzidzidzi pamsika, okonda kanyenya amamwetulira, koma mlangizi wa ziweto mtima umamugunda. Iye amadziwa kuti penapake khola lagwa, ndipo mwini wake akupha mothamanga zotsala kuti apezepo kangachepe. Nyamayo ikafika pakhomo lina, madzi otsukira n'kuthiridwa m'gaga wa nkhumba, ndiye kuti chigodola cha nkhumba chalowa m'mudzi wachiwiri.

Chigodola chilibe mankhwala, ndipo katemera woti mlimi wa kuno n'kugula palibe. Chikabwera mwamphamvu chimatha kupulula khola lonse, ngakhale kuti munthu sichimugwira. N'chifukwa chake akatswiri ofufuza miliri ya ziweto amadalira kwambiri kope ndi cholembera kuposa jakisoni. Dokotala wochiza amayang'ana chiweto chimodzi, pamene wofufuza mliri amayang'ana mudzi wonse ndipo amafunsa kuti zadwala ndi ziti, zili kuti, zinayamba liti.

Mayankho ake amafuna kuwerenga mosamala. Kunena kuti zafa nkhumba khumi sikukwanira, chifukwa khumi pa khumi ndi ziwiri ndi tsoka losiyana ndi khumi pa mazana atatu. Wofufuza amasiyanitsanso zimene zikudwala lero ndi zimene zayamba kudwala sabata ino. Chiwerengero chachiwirichi ndicho chimasonyeza ngati mliri ukukula kapena ukuzilala. Pa chigodola kusiyanitsaku n'kofunika kwambiri, poti nkhumba zimafa msanga, ndipo wongowerenga zodwala angapeze zochepa n'kuganiza kuti zinthu zili bwino, chonsecho makola atsala apululu.

Kuti matenda afalikire pamafunika kachilombo, chiweto choti kalowemo ndi malo olola ziwirizi kukumana. Kutchire, kachilombo ka chigodola kamakhala mwa njiri ndi nguluwe popanda kuzidwalitsa, ndipo nkhufi zobisala m'mauna a njiri zimakasunga zaka. M'zaka za m'ma 1980, ofufuza anapeza nkhufi zokhala ndi kachilomboka m'makola a nkhumba m'boma la Mchinji. Zimenezi zinathandiza kumvetsa chifukwa chake matendawa sachoka m'deralo: nkhumba zikatha, khola lenilenilo limatsala ndi matenda m'ming'alu, kudikira zatsopano.

Komabe wonyamula chigodola wamkulu ndi munthu. Matendawa analembedwa koyamba ku Kenya mu 1921 ndi Eustace Montgomery. Mu 1957 anatulukira ku Portugal, nkhumba za pafupi ndi bwalo la ndege la Lisbon zitadyetsedwa zotsala za m'ndege. Mu 2007 anafika ku Georgia, ndipo mu 2018 analowa ku China, dziko loweta nkhumba zambiri kuposa lina lililonse. Nkhufi sizikanayenda mitunda yonseyi pazokha. Kachilomboka kamakhala miyezi mu nyama yosaphika bwino, kamayendanso pansapato, pampeni ndi panjinga ya wogula nkhumba amene amalowa khola ndi khola.

Mlangizi akafika pamudzi, amalondola mapazi a matenda mbali ziwiri. Amafunsa chimene chinalowa m'khola masiku apitawo: kodi munabwereka nkhumba yamphongo, munagula mwana wankhumba kumsika, kapena panabwera wogula? Kenako amafunsa chimene chatuluka ndi kumene chapita. Popeza zizindikiro zimaoneka pakadutsa masiku 4 mpaka 19, nkhumba yooneka yathanzi lero ikhoza kukhala itatenga kale matenda. Apa m'pamene pagona nzeru yoika nkhumba yachilendo payokha kwa mwezi, komanso lamulo lotseka misika ndi kuletsa kuyendetsa ziweto. Magazi ndi ziwalo za zakufa amazitumiza ku labotale ya zaziweto ku Lilongwe kuti akatsimikize.

Vuto ndi lakuti mlimi amene nkhumba ndiyo banki yake amaopa kunena, kuopa kuti aletsedwa kugulitsa. Manthawo ndi omveka, poti fizi ya mwana imakhala ili m'kholamo. Koma tsiku lililonse limene wakhala chete, mlangizi amataya mapazi a matenda, ndipo nyama imapitirira kuyenda. Amene wakwirira nkhumba yakufa m'dzenje lakuya n'kukauza mlangizi tsiku lomwelo wataya khola limodzi, koma wapulumutsa makola a anansi ake, amene mawa adzam'patse mbewu yoyambiranso kuweta.