Mfundo ya dzanja ikaperepeseka, opaleshoni imathandiza bwanji?

Wakabaza akagwa pamsewu wa ku Chinsapo amafikira chikhatho pansi. Dzanja likatupa amangolithowa ndi madzi otentha, mawa lake n'kubwerera panjinga. Pakapita zaka, mfundo ya dzanja, pamene timavala wotchi paja, imayamba kuwawa ndi kuuma, iye n'kumati ndi nyamakazi chabe.

Pamfundoyi pali timafupa 8. Kamodzi ka kumbali ya chala chachikulu, kotchedwa scaphoid, kamathyoka msanga koma kamavuta kupola chifukwa magazi amafikako pang'ono, ndipo nthawi zina X-ray yoyamba sionetsa kuti kathyoka. Kakapanda kulumikizana, tinzake timayenda mokhota, ndiye kamnofu kosalala kophimba nsonga za mafupa kamaperepeseka mpaka mafupa kumakhulana okhaokha. Kamnofuka kakatha sikameranso.

Madokotala sathamangira mpeni. Amayamba ndi mankhwala ochepetsa ululu, chomangira dzanja, mafizo kapena jakisoni wa pamfundo. Zikakanika m'pamene amakamba za opaleshoni.

Akhoza kudula timitsempha totumiza ululu ku ubongo. Dzanja limapindikabe, koma matendawo amakhala alipo. Akhozanso kuchotsa timafupa 3 ta mzere woyamba, kapena kuchotsa scaphoid n'kulumikiza timafupa 4 kuti tikhale fupa limodzi. Njira ziwirizi zimasiya dzanja likupindika, ngakhale osati ngati kale.

Mfundo yonse ikaonongeka amaiumitsa ndi chitsulo ndi masikuluwu. Anthu amaopa akamva kuti dzanja silidzapindikanso, komatu zala zimagwirabe, mkono umatembenuka, ndipo ululu umachepa kwambiri. Kwa woumba njerwa kapena mayi wosenza zidebe ku Mgona, ine ndikuona kuti mphamvu yogwirira chinthu ndi yofunika kuposa kupindikako. Mfundo yochita kupanga, imene amaika m'mayiko olemera, ndi yodula ndipo imagwedera ikamanyamula zolemera.

Ku Lilongwe kuno wodwala amayambira kuchipatala chaching'ono, monga cha Kawale kapena Area 25, kumene amamulembera kalata yopita ku Kamuzu Central. Kumeneko kuli LION, chipatala cha mafupa, ubongo ndi msana chomwe chinatsegulidwa mu 2023. Njira yoyenera amasankha dokotala wa mafupa akaona zithunzi ndi kumva ntchito imene munthuyo amagwira. Musachite manyazi kumufunsa kuti chikhakha mukhala nacho masabata angati, chifukwa mafupa olumikizidwa amatenga miyezi kuti agwirane, ndipo nthawi yonseyo njinga imakhala ili m'nyumba, lendi ikudikira.