Mtsinje ukadzaza, 4x4 nayo imakokoloka

Aliyense amene anayendapo msewu wa East Bank m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, kuchokera pa Thabwa kudutsa Livunzu ndi Masenjere mpaka ku Fatima ndi Muona, amaudziwa mzere wa magalimoto umene umapangika m'mphepete mwa mtsinje mvula ikagwa kumapiri a Thyolo. Kuchigwa kuno dzuwa likhoza kukhala likuswa mtengo, koma madzi ofiira atsika kale, atasenza zitsa, mapesi ndi nthochi zozuka. Maminibasi amaima. Akabaza amatsika n'kuyamba kukambirana mtengo ndi anyamata onyamula njinga pamapewa. Kenako pamatulukira Land Cruiser yoyera, paipi yakuda itaima m'mbali mwa galasi lakutsogolo, ndipo anthu onse amatembenuka. Akudziwa kuti iyi ndiye iyese.

Nthawi zambiri imawolokadi, anthu n'kuomba m'manja. Nthawi zina imazima pakati pa mtsinje, ndipo zotsatira zake ndi thirakitala, chingwe, ndi injini yopita kukamasulidwa ku Blantyre.

Chigwa cha Shire chaona zoposa pamenepa. Mu Januwale 2015 madzi anasefukira mpaka boma linalengeza kuti maboma 15 ali pangozi. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 anadula msewu wa M1 ku Chikwawa ndipo anawononga damu la Kapichira, dziko n'kukhala mumdima. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anasiya anthu oposa 1,000 atamwalira kapena kusowa, milatho yambiri kuchigawo cha kumwera itapita. Masiku otere ufa, mankhwala ndi anamwino zimafika kumidzi pa helikopita, pa boti, kapena pa 4x4, ndipo dalaivala amakumana ndi funso lomwelo kangapo pa tsiku: ndilowe kapena ndidikire?

Magalimotowa ali ndi malire amene makampani owapanga amatchula okha. Toyota imati Hilux ya masiku ano ndi Land Cruiser 70, imene zipatala zambiri zimagwiritsa ntchito ngati ambulansi, zingathe kudutsa m'madzi akuya masentimita 70. Ford imatchula masentimita 80 pa Ranger. Masentimita 70 ndi madzi olekeza m'ntchafu mwa munthu wamkulu, otsala pang'ono kumiza tayala. Koma muyezo umenewu ndi wa madzi odikha, pansi polimba, galimoto ili bwinobwino ndipo ikuyenda pang'onopang'ono. Mtsinje wosefukira sukhala chomwecho.

Nthambi yoona zanyengo ku America, National Weather Service, imachenjeza kuti madzi othamanga akuya masentimita 15 amagwetsa munthu wamkulu, a masentimita 30 amanyamula galimoto yaing'ono, ndipo a masentimita 60 amakokolola ngakhale mapikapu ndi ma 4x4. Muone kuti 60 ndi wochepa pa 70. Injini ingakhale ikulira bwinobwino, galimoto ili kale paulendo wina. Chifukwa chake n'chosavuta. Malita 1,000 a madzi amalemera tani imodzi, ndipo thupi la galimoto ndi bokosi lodzaza mpweya. Madzi akafika pazitseko amayamba kulinyamula bokosilo, matayala n'kupepuka, uku mkokomo ukukankha m'mbali. Pa pikapu yopanda katundu kumayamba kuyandama ndi kumbuyo, n'kukhotera kumunsi kwa mtsinje. Matayala anayi okoka amathandiza pokhapokha ngati akuponda pansi.

Nanga paipi yakuda ija? Amaitcha snorkel, ndipo ntchito yake ndi imodzi basi: kukweza pamene injini imakokera mpweya, kuchoka pafupi ndi tayala lakutsogolo kufika pa denga. Ntchito imeneyi si yaing'ono. Injini imagwira ntchito popanikiza mpweya, ndipo madzi sapanikizika. Mu injini ya dizilo, malo otsala pamwamba pa pisitoni ikakwera ndi ochepa kwambiri moti masupuni angapo a madzi ndi okwanira kupinda konirodi kapena kuboola buloko. Amakaniko amangoti injini yamwa madzi, ndipo akatero mwini galimoto ayambe kufunsa mtengo wa ina. Vuto n'lakuti snorkel imapatsa dalaivala mtima umene galimoto yonse ilibe. Ma snorkel ena ndi ongokongoletsa, omangidwa popanda kumata bwino polumikizira, ndipo bokosi la air cleaner limakhala ndi kabowo pansi kotulutsira fumbi ndi madzi. Labala wa pakabowoko akang'ambika, madzi amalowera pomwepo, paipi ili chiimire kumwamba. Oidziwa ntchito amayesa motere: injini ikulira pang'ono, amatseka kukamwa kwa snorkel kwa kamphindi. Injini ikafuna kuzima, ndiye kuti pali bwino. Ikangopitiriza kulira osasintha, ikupumira pena, ndipo pomwepo ndi pamene padzalowere madzi.

Chimene chimapha magalimoto ambiri mwakachetechete chili kunsi, kumene anthu sasuzumirako. Difu, giyabokosi ndi transfer case zili ndi timabowo topumira, ma breather, chifukwa oyilo akatentha mpweya wa mkati umafuna potulukira. Tsono taganizirani galimoto imene yathamanga kuchokera ku Blantyre, yatsika zitunda za Chikwawa, difu yatentha yosagwirika, kenako n'kuiviika m'madzi ozizira. Mpweya wa mkati umanyala nthawi yomweyo, ndipo difu imayamwa chilichonse chili pafupi, kudzera pa breather kapena pa ma seal. Dalaivala samva kanthu. Amawoloka, amagwira ntchito yake, amabwerera. Pakapita masabata difu imayamba kulira, mabering'i atadyeka, ndipo makaniko akamasula nati ya pansi pamatuluka oyilo wotuwa ngati tiyi wamkaka. Mankhwala ake ndi otchipa modabwitsa: kulumikiza tipaipi ta labala ku ma breather onse n'kutikwezera mu boneti, pamwamba penipeni, ndi kasefa kumapeto. Ndi ntchito ya tsiku limodzi, yotheka pa galaja iliyonse ya ku Ndirande kapena pa Nchalo. Komanso kuima mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu musanalowe m'madzi kumapatsa zitsulo mpata wozizira.

Fani nayo imavuta. Ikamazungulira m'madzi, mapiko ake amapindikira kutsogolo n'kucheka lediyeta. N'chifukwa chake madalaivala akale amamanga lona kapena thumba kutsogolo kwa galimoto, kuphimba giliro yonse, kuti madzi akankhidwe m'malo mothira mu injini. Galimoto za petulo zimaopanso madzi pa mawaya ndi mapulagi, ndipo zatsopanozi, za dizilo ndi za petulo zomwe, zili ndi kakompyuta koyendetsa injini. Dalaivala ayenera kudziwa pamene kali, chifukwa madzi akakafika ulendo wathera pomwepo.

Mphindi zodikira kuti galimoto izizire ndi zomwezo zowerengera mtsinje. Lamulo lakale limati pamene munthu sangathe kuwoloka ndi miyendo, galimoto isalowepo. Koma ku Chikwawa ndi Nsanje lamuloli lili ndi pokhotera pake, chifukwa Shire akasefukira ng'ona zimayenda naye mpaka m'minda ndi m'makhwawa. Apa ndi pamene anyamata a padooko amafunikira. Ena amawaona ngati ongofuna ndalama, koma iwo ndi amene akhala pamalopo kuyambira m'mawa. Amadziwa mbali imene simenti yagumuka, pamene lole inakumba dzenje dzulo, ndi ngati madzi akukwera kapena akutsika. Safunsa anadya phula. Kamtengo kozika m'mphepete mwa madzi kamanenanso zoona: pakapita mphindi zingapo kamaonetsa kumene zinthu zikulowera. Madzi amatope amabisa zonse, ndipo msewu umene unalipo dzulo ungakhale utadyeka kunsi, phula litangotsala lolendewera. Usiku ndiye n'kosayesa n'komwe, chifukwa magetsi a galimoto amangowala pamwamba pa madzi osaonetsa kuya kwake.

Dalaivala akatsimikiza zolowa, chingwe chokokera chimangidwiretu pamalo ake olimba n'kuchikulunga pamwamba, chifukwa kufufuza pomanga chingwe m'madzi ofika m'chiuno ndi ntchito yowawa. Mawindo atsitsidwe, makamaka amagetsi, kuti pakhale potulukira zinthu zikavuta. Kenako 4x4 ilowe, giya yamphamvu ya low range, ndipo kawirikawiri giya yachiwiri ndiyo yoyenera. Kulowa kukhale kofatsa, kenako liwiro longa la munthu woyenda ndawala, losasintha. Liwiro limeneli limapanga funde laling'ono kutsogolo kwa bampala, ndipo kumbuyo kwa fundelo madzi amatsika pang'ono, pamene pali injini. Wothamanga amaliswa fundelo n'kudzithira madzi pa boneti. Kusintha giya pakati pa mtsinje n'kulakwa kawiri: galimoto imataya mphamvu, ndipo madzi ndi matope zimalowa mu klatchi. Ngati malo alola, ndi bwino kulunjika pang'ono kumunsi kwa mtsinje kusiyana ndi kulimbana ndi mkokomo. Ndipo magalimoto awoloke imodziimodzi. Funde la lole yochokera kutsidya lazimitsa magalimoto ambiri amene akanawoloka okha bwinobwino.

Injini ikazima m'madzi, dzanja limathamangira ku kiyi lokha. Pamenepo ndi pamene ambiri amaphera injini. Ngati yazima chifukwa cha madzi, kuiliza kachiwiri ndiko kumapinda makonirodi. Ikokedwe kaye, air cleaner itsegulidwe, ndipo ikapezeka yonyowa makaniko achotse ma injector kapena mapulagi kuti madzi atuluke injini isanalizidwe. Koma madzi akamakwera, anthu atuluke msanga, kudzera pa windo ngati chitseko chakana, galimoto itsale.

Kutsidya nakonso kuli ntchito. Mabuleki onyowa sagwira, choncho aumitsidwe powaponda pang'onopang'ono galimoto ikuyenda. Pofika kunyumba oyilo wa injini, wa difu ndi wa giyabokosi aonedwe, matope atsukidwe pa lediyeta ndi pa alternator, girizi apakidwenso. Mbali imeneyi ndi imene imadumphidwa kwambiri, chifukwa galimoto ya ofesi imafunika m'mawa mwake.

Kunena zoona, madalaivala ambiri a mabungwe ndi a boma zonsezi amazidziwa. Chowalowetsa m'madzi nthawi zambiri ndi munthu wokhala pampando wa kumanzere, amene akuyang'ana wotchi n'kumakumbutsa za msonkhano wa ku boma, kapena amene akuona kuti pikapu ina yawoloka ndiye ife tikuopa chiyani. Dalaivala wa kontilakiti savutika kumvetsa tanthauzo la mawu otere. Wa ambulansi ndiye ali pampanipani weniweni, chifukwa kumbuyo kuli mayi amene matenda akula, ndipo palibe angamuweruze mopepuka. Koma wonyamula mabwana ndi mafayilo alibe chifukwa chotayira moyo. Mitsinje yotsika m'mapiri imadzaza msanga ndipo imaphweranso msanga mvula ikaleka kumtunda, mwina pa maola ochepa chabe.

Inu amene mumayang'anira magalimoto a zipatala, a makhonsolo ndi a mabungwe, mwezi wa Okutobala usadutse ma breather asanakwezedwe, snorkel isanayesedwe, ndi chingwe cholimba chisanaikidwe m'galimoto iliyonse. Ndipo mulembe poyera m'malamulo a ofesi kuti pamtsinje mawu omaliza ndi a dalaivala, ndipo akakana kuwoloka asadulidwe malipiro kapena kuitanidwa kukayankha mlandu.